Nkhunda Zimene Ti Serafim Analephera Kugawa

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mwa Ti Serafim Gandra, ndipo ndivomere kuti mpaka lero chimandizunguzabe. Munthu amene ankati akasuzumira m'diso la nkhunda n'kukuuza ngati agogo ake a nkhundayo anali aulesi kapena akhama, anatha bwanji zaka ziwiri zathunthu osazindikira zimene zinkachitika m'maso mwake momwe? Sindikufuna kuwatamanda. Ansembe amene anandiphunzitsa ankati matamando ali ngati nsomba yathu yamchere ija, bakalyau: usanaipatse munthu, yamba waiviika m'madzi masiku awiri. Choncho ndingonena zimene anachita.

Ti Serafim (kuno "Ti" timaitanira achikulire, ngati kunena kuti amalume) anali wosoka nsapato m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi Barcelos. Nsapato ankasoka bwino ndithu, akakumbukira. Mtima wawo unali kuseri kwa nyumba, kumene kunali khola la nkhunda za mpikisano makumi anayi. Kholalo linkapakidwa penti chaka ndi chaka, pamene nyumba yogona anthu inaiwala ndi fungo lomwe la penti. Malemu akazi awo, Albertina, ankakonda kunena kuti m'banjamo iwo anali a nambala 41.

Loweruka lililonse m'nyengo ya mipikisano, lole ya bungwe lathu la oweta nkhunda imanyamula nkhunda m'madengu kupita nazo kutali, kumwera kapena ku Spain, ndipo m'mawa mwake amakazitsegulira zonse nthawi imodzi kuti zibwerere kwawo. Lamulungu amuna a m'mudzi muno amakhala makosi ali m'mwamba, kudikira kadontho kakuda m'mitambo. Ansembe a parishi anadandaula mpaka kutopa, kenaka anangosuntha nthawi ya Misa.

Pa zimenezi Ti Serafim anali ndi udindo umene sanapatsidwe ndi munthu. M'thumba la epuloni ankasunga kagalasi ka okonza mawotchi, ndipo anthu ankachokera ku Famalicão ngakhale ku Viana, dengu m'manja, kudzawaonetsa nkhunda asanaigule kapena asanaikwatitse. Iwo ankaika kagalasiko padiso, kutembenuzira mutu wa mbalameyo kudzuwa, n'kukhala chete mpaka mwini wake atayamba thukuta.

"Iyi idzatera pa tchalitchi choyamba n'kuyamba kupemphetsa," ankatero. Kapena, "Iyi ikwatitseni lero lomwe, musaipatse mpata woganiza."

Ena amati kuwerenga diso n'kuombeza chabe. Ine sindidziwa. Analondola kangapo, ndipo kangapo kameneko n'kamene anthu amakumbukira.

Analinso munthu wa misozi yapafupi. Ankalira pa ukwati, pa ubatizo, bandi ikamadutsa mumsewu. Nkhunda yawo ikatera pakhola ankalira; ya mnzawo ikatera poyamba ankaliranso, ngakhale kuti imeneyo inali misozi ya mtundu wina.

Ali ndi zaka 59, maso ndi khungu zinachita chikasu. Kuchipatala ku Porto anawauza kuti chiwindi chatha ndipo mwatuluka kachotupa. Vinyo anali atathandizako, tisabise. Mzere wa odikira chiwindi unali wautali kuposa masiku amene anawatsalira, ndiye dokotala anawafotokozera njira ina. Kugombe la nyanja, ku Póvoa ndi ku Caxinas, kuli matenda a m'mtundu aja tonse timawatcha matenda a timapazi. Chiwindi cha munthu wotere chimagwira ntchito zonse bwinobwino, kungoti chimatulutsa tizinyalala timene timakaunjikana m'mitsempha pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi. Wachinyamata wodwala matendawa akapatsidwa chiwindi chatsopano, chakale chija sachitaya. Amachiika mwa munthu wachikulire amene sangathe kudikira, poti tizinyalalato timatenga zaka zambiri tisanayambe kuvuta.

"Zaka zingati?" anafunsa Ti Serafim.

"Tikuganiza makumi awiri, mwina kupitirira."

"Ndiye mukundipatsa nsapato yovalidwapo kale? A Dokotala, ine moyo wanga wonse ndadyera nsapato zakale. Bweretsani pepalalo ndisaine."

Dokotala anawachenjezanso kuti munthu woikidwa chiwalo asamalowe m'khola la mbalame. Ti Serafim anavala kansalu kophimba pakamwa ndi pamphuno milungu iwiri, kenaka anapeza kuti n'kabwino kusefera madzi akumwa nkhunda.

Madokotala anaphonya powerengera. M'chaka chachisanu ndi chitatu mapazi anayamba dzanzi. Tsiku lina anayenda kuchokera kushopu mpaka kumalo omwera khofi msomali uli m'chidendene, ndipo amene anazindikira ndi mwini malowo, poona timadontho ta magazi pansi. Mudzi unaseka: wosoka nsapato kugwidwa ndi matenda a timapazi! Iwo anaseka nawo.

Za maso sanaseke, chifukwa sanazidziwe. Choyamba kutha inali misozi. Nkhunda yawo yaikazi, Teimosa, dzina lotanthauza wamakani, itapambana mpikisano wautali wa ku Spain, anthu anakhamukira pakhomo mipango ili yokonzeka. Ti Serafim anangophethira, nkhope ikulira koma maso ali gwa. Custódio, wapampando wa bungwe, amene anali mnzawo kuyambira kusukulu komanso mdani wawo Lamulungu lililonse, anati, "Taonani, wayamba matama. Akuti kupambana anazolowera."

Kenaka nkhunda zonse za m'dera lathu zinayamba kudwala maso. Kapena tinene kuti ndi mmene Ti Serafim ankanenera. Iliyonse imene yabwera m'dengu, iwo ankapukusa mutu n'kuti, "Muli nkhungu umu." Anthu anagula mankhwala, anasintha chimanga, anatsuka makola ndi madzi otentha. Custódio, pomvera mawu a mnzake, anapha nkhunda zisanu ndi imodzi zabwinobwino, ndipo banja lake linadya mpunga wa nkhunda mpaka ana anayamba kupempha kabichi.

Zitatha zaka ziwiri Custódio anayamba kukayika. Tsiku lina m'mawa, Ti Serafim ali pa ntchito m'shopu, iye anazembera kuseri, anatenga nkhunda imodzi m'khola la mnzakeyo, anaiika m'dengu lake, n'kudzalowera kumaso ngati mlendo.

"Serafim, tandionere iyi. Akundigulitsa munthu wa ku Braga."

Zala za Ti Serafim nazo zinali zitayamba dzanzi, apo ayi akanaizindikira pongoigwira. Anaika kagalasi, anatembenukira kudzuwa, anapukusa mutu.

"Akukubera, m'bale wanga. Nkhungu yokhayokha. Iyi ndi ya mpunga basi."

"Ya mpunga?"

"Uthire adyo wambiri, nyama yake yakalamba."

"Ndi Teimosa wako uyu, chitsiru iwe!" Custódio anafuula mpaka nsapato zinagwa pashelefu. "Zisanu ndi imodzi, Serafim! Ndinadya zisanu ndi imodzi, ina inali ndi dipuloma ya mpikisano yopachika pakhoma!"

Ti Serafim anafuna kulira, ndipo ndi pamene anazindikira kuti sakumbukira tsiku lomaliza limene misozi inatuluka.

Pabenchi la odikira dokotala wa maso ku Porto anakhala moyandikana ndi mayi wina wojintcha, wovala zakuda, wa fungo la nyanja, amene ankakupiza dzanja patsogolo pa nkhope ngati akuingitsa ntchentche.

"Si ntchentche," anatero mayiyo munthu asanamufunse. "Ndi akangaude a m'kati mwa diso. Anandichotsa chiwindi kuti matenda aime. Mapazi anamvera, koma maso akuti amadziphikira okha poizoni wawo. Inu mwadzera chiyani, atate?"

"Inenso chiwindi, mayi. Koma ine anachita kundiika."

"Chaka chanji?"

Anatchula chakacho.

"Mwezi?"

"Malichi, pa 14. Linali Lachisanu."

Mayiyo anasiya kukupiza. Anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, kenaka anamenya ntchafu. "Mayo ine! Changa anachotsa tsiku lomwelo! Ndiye ndinu? Zaka khumi ndakhala ndikupempherera mwamuna wokongola amene anatenga chiwindi changa, kani ndi nkhalamba yonunkha zitosi!"

Chipatala sichiulula mayina pa zinthu zotere, koma palibe lamulo loletsa Deolinda Fangueiro, wogulitsa nsomba wa ku Caxinas, kulankhula. Anatambasula dzanja n'kugogoda pamimba pa Ti Serafim, chakumanja, ngati pachitseko. "Uli bwanji m'menemo? Akukudyetsa?"

Dokotala wa maso anali mtsikana wosachulukitsa mawu. Anawadonthezera mankhwala achikasu, anawaunika, kenaka anakhudza diso ndi kaulusi ka thonje.

"Bambo Gandra, mwamva kanthu?"

"Kodi mwayamba kale?"

"Ndamaliza. Matenda aja afika kumitsempha ya m'maso. Misozi sikutuluka, ndipo diso silikumva kuwawa. Fumbi la m'khola ndi tizidutswa ta nthenga tikalowa timakanda pamwamba pa diso, inu osadziwa. Nkhungu imene mumaiona m'maso mwa nkhunda ndi zipsera zanu. Lakumanzereli lawonongeka kale. Lakumanja tingalipulumutse, koma musankhe: nkhunda kapena diso."

"Nanga diso lopanda nkhunda n'loonera chiyani?"

"Masitepe, Bambo Gandra. Mapazi anu samva pansi, mumayendera maso. Akatha amenewo, muziyenda ndi chiyani?"

Anabwerera kumudzi ndi timabotolo ta misozi yogula, komanso ndi maganizo awoawo. Woweta nkhunda aliyense amadziwa kuti nkhunda yogula itakula kale siiwala khola lake loyamba. Chiwindi chija anachilandira chili ndi zaka 34, chobadwira ndi kukulira ku Caxinas. Kodi sichinali kungopukwa? Choncho Lachinayi lililonse ankakwera basi kupita nacho kwawo kukacheza. Ankakhala pabokosi pafupi ndi tebulo la nsomba la Deolinda, atamasula mabatani a jekete kuti mphepo ya nyanja izifika chakumanja.

"Abwera akamwini anga!" Deolinda ankafuula kuti msika wonse umve. "Anatenga mwana wanga wa m'mimba ulele, kumubweretsa Lachinayi lokha. Apatseni nsomba yootcha, si iwo ndikudyetsa ayi!"

Zinayenda choncho miyezi iwiri. Mphepo ya nyanja inawachitira ubwino, koma akabwerera ankalowa m'khola monga kale, ndipo nkhungu ija inkangokula. Tsiku lina Deolinda anapukuta manja, anakhala pansi, n'kulankhula motsitsa mawu, chinthu chimene anzake a mumsika akuti anali asanachionepo.

"Akamwini, tamverani. Chiwindicho sichipukwa. Amayi anga chonga chomwecho chinawapha ali pakhomo pawo, nyanja akuiona pazenera. Achimwene anganso chimodzimodzi. Ine mbali iyi ndikuona ngati ndili m'madzi otsukira nsomba, ndipo ndilibe choti ndigawe kuti zisiye. Inu muli nacho. Gawani mbalamezo."

Anamvera. Koma apa ndi pamene panaonekera vuto limene dokotala sanaliphunzire kusukulu. Nkhunda za Ti Serafim zinali zabwino, ndipo ubwino wa nkhunda ya mpikisano ndi umodzi wokha: imabwerera.

Khumi anapatsa Custódio, kutsidya kwa mlatho. Custódio anazitsekera milungu itatu kuti zizolowere, koma tsiku lozitsegulira zinafika kwa Ti Serafim khofi asanazizire. Zina anapereka kwa mphunzitsi wa ku Coimbra, ndipo zinamusiya mphunzitsiyo akulemba kalata yothokoza, moti kalata inafika mochedwa ndi masiku awiri. Teimosa anamupereka kwa munthu wa kuno amene amagwira ntchito ku France ndipo ali ndi khola ku Lyon. Kunali zii mwezi wathunthu. Kenaka tsiku lina masana Teimosa anatera pathabwa lake, nthenga zitatu za kumchira palibe, n'kuwayang'ana mbuye wake ngati akufunsa chakudya chachedweranji.

Anagwetsa khola. Nkhunda zinatera padenga, zinalowa m'khitchini, ina inaikira mazira mu nsapato ya mlembi wa parishi. Fumbi limene kale linkathera kuseri kwa nyumba tsopano linali papilo.

"Ndibwere ndi mpeni," anatero Custódio. "Ine mpunga wa nkhunda ndinauzolowera, chifukwa cha iwe."

"Ukakhudza imodzi ndikusoka pakamwa ndi ulusi wa phula."

Choipa kuposa zonsezi, anthu sanasiye kubwera ndi madengu. Nkhani yoti anati Teimosa ndi wa mpunga inali itafika mpaka ku Viana, komabe ankabwera. "Ingosuzumirani pang'ono, Ti Serafim, ndi lakumanjalo. Nkhunguyo tichotsera tokha." Ndipo iwo, ichi ndiye cholakwa chawo chenicheni, sankatha kukana. Ankaika kagalasi, nkhunda n'kukupiza mapiko pafupi ndi nkhope, fumbi loyera lija mbuu!

Atapitanso ku Porto, dokotala anapeza kachilonda padiso lakumanja. "Mwezi wina umodzi wotere, ndiye basi," anatero. "Pamenepo musadzabwere kudzandifunsa ine."

Lachinayi lake anakafotokoza zonse kwa Deolinda, amene ankamvetsera uku akupala nsomba.

"Koma akamwini, ndifunse nawo ine mbuli. Mbalamezi zimabwerera kwa inu, kapena ku malo?"

"Ku malo, mayi. Munthu sizimusamala kwenikweni. Utafa lero, mawa zitera pomwepo."

"Oo," anatero Deolinda, n'kupitiriza kupala.

Nsomba yootcha inazizira m'manja mwa Ti Serafim.

Mlungu umenewo anamanganso khola pamalo pake, n'kulipaka penti kawiri. Mudzi unati basi, asankha nkhunda, ndipo amayi ena anayamba kale kukambirana za yemwe azidzawatsogolera kutchalitchi. Anasokanso nsapato zonse zimene zinali m'shopu, zina zodikira zaka zitatu, zina eni ake atamwalira. Izi zokha zikanayenera kutidabwitsa.

Loweruka, pa nthawi yolongedza nkhunda m'madengu, anafika ndi zawo zonse, Teimosa pamodzi. Anali atavala suti ya Lamulungu ndi magalasi a panjinga yamoto omata kumaso, sutikesi m'manja. Anapempha Adelino, woyendetsa lole, kuti akhale naye kutsogolo.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikuona kofikira kokha," anatero. "Ndikaoneko konyamukira."

Makiyi a khola anapatsa Custódio. "Uzidyetse mawa ngati ndichedwa. Theka la chitini, osati chodzaza. Iwe umanenepetsa nkhunda ngati nkhumba."

"Nanga sutikesi ya chiyani, ulendo wa tsiku limodzi?"

"Misozi yanga. Ndiye ukufuna ndiinyamule m'chipewa?"

Nkhunda zinabwera Lamulungu masana, Teimosa wachitatu. Lole inabwera Lolemba, Adelino ali yekha.

Iye anafotokoza motere. Anakatsegulira pachigwa china ku Spain, kunja kwa katauni, dzuwa litangotuluka. Ti Serafim anakaima patali, kumene kunkachokera mphepo. Nkhunda zikwi ziwiri zitati phaa, iwo anavula magalasi aja, anatseka diso lakumanzere ndi dzanja, n'kuzitsatira ndi lakumanja pamene zinkazungulira kawiri n'kulunjika kwathu. Zitazimiririka anatulutsa kabotolo, anadontheza madontho awiri diso lililonse, ndipo anawasiya ayenderere m'masaya osapukuta.

"Tiyeni, Ti Serafim," anatero Adelino.

"Pita, mwana wanga. Ukamuuze Custódio makiyi asunge. Akakufunsa kumene ndalowera, umuuze zoona, kuti sukudziwa. Akangodziwa mmodzi, Lamulungu likubwerali afika ndi dengu. Ndipo ine ndikudzidziwa, ndisuzumira."

Custódio sanakhulupirire. Anakafunsa kuchipatala, kumene dokotala anangoti anawalembera Ti Serafim kalata yoti akaonetse pachipatala chilichonse, ndipo zipatala n'zambiri. Anapita ku Caxinas, ndipo tiyenera kunena kuti anapita ndi dengu, mwina angawapeze.

"Kuno kulibe," anatero Deolinda. "Akanakhala pafupi ndikanamva, si chiwindi changa? Chotsani mbalame yanuyo patebulo, mukundithirira fumbi pansomba."

Ena amati ali kwa mwana wa mlongo wawo ku Luxembourg, ena amati ali m'nyumba ya okalamba ya masisitere kumapiri, ena amati Deolinda akudziwa zambiri kuposa zimene amanena, zomwe zingakhale zachilendo kwa iye. Adelino wafunsidwa kambirimbiri ndipo sawonjezera kanthu, kupatula ichi: m'katauni kaja muli siteshoni ya basi, ndipo mabasi ake amalowera mbali zinayi. Ponyamuka anawaona pagalasi la lole akulowera komweko, sutikesi kudzanja limodzi, chipewa atachitsitsira kumaso, akuyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi pamene phazi likuponda.